Ndinapita Ndekha kwa Angaliba

Chinangwa changa chinkatha msanga kuposa cha amayi onse amene tinkakhala nawo m'mbali mwa msewu pa Ulongwe. Anzanga ankati ndili ndi mankhwala a bizinesi, koma mankhwala anga anali jumbo basi. Ukasenda chinangwa n'kuchiika m'poto, umathira madzi pang'ono ndi mchere, pamwamba n'kuyalapo majumbo awiri kapena atatu, n'kufinyira m'mbali ndi mpeni kuti nthunzi isathawe. Chimapsa mwachangu, chofewa mpaka m'kati, makala osatha ambiri. Ukamavundukula, jumboyo imakhala itafota, yomata, nthawi zina itasiya mtundu wake wabuluu pa zidutswa za pamwamba. Zimenezo sindinkagulitsa, poti makasitomala a m'minibasi ndi anthu a matama. Ndinkadya ndekha.

Moto nawo tinkayatsira pulasitiki. Umapota pepala, kuliyatsa, likamadonthera pa makala iwe n'kumauzira, nkhope yonse ili mu utsi. Phala lotentha ndinkalinyamula m'kabigiri kakale ka mafuta ophikira kamene ndinakadula pakamwa. Tonse tinkatero, ndipo panalibe amene ankaona chachilendo. Ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, miyezi itatu yoyambirira, chilichonse chinkandibwerera kukhosi kupatula chinangwa cha pamwambacho.

Ine kwathu ndi ku Balaka, m'banja lachikatolika lopemphera kolona madzulo alionse. Amuna anga ndi Myao, Msilamu, wa mudzi wina kuseri kwa Ntaja. Ankabwera pa Ulongwe kudzapikula chimanga, n'kumagula chinangwa cha tiyi kwa ine, mpaka mapeto ake anatenga ndi wogulitsa yemwe. Makolo anga anang'ung'udza, makolo awo anang'ung'udza, ife tinakwatirana. Sanandikakamize kusintha mpingo, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero.

Nditachira, azamba anamupukuta mwana n'kumuyang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira. Kenako anamubweretsa pafupi n'kundionetsa. Anali mnyamata wonenepa bwino, wolira mwamphamvu, koma kaboo kotayira madzi sikanali kunsonga kumene kamayenera kukhala. Kanali mmunsi, chapakati, ndipo khungu linaunjikana pamwamba pokha ngati kachipewa.

"Mayi, mwana wanu ali bwino, sakudwala," anatero azambawo. "Koma mundimvetse. Uyu asadulidwe, kaya kuchipatala, kaya kumudzi. Khungu mukulionali ndi limene madokotala adzasokere njira ya mkodzo kuti ifike kunsonga. Likachoka, ntchito yawo idzavuta kwambiri."

Analemba zomwezo m'buku la sikelo. Amuna anga anaona, anapukusa mutu, n'kunena kuti akamakula zidzakonzeka zokha, ndipo tisauze munthu. Ine ndinavomera msanga, chifukwa ndinkadziwa zimene anthu akanalankhula. Ena akanati ndinathira mchere nthawi yolakwika, ena akanati ndinayenda ndi mwamuna wina ndili ndi pakati, ndipo kwa apongozi akanati ndi zotsatira za kukwatira mkazi wa kutchalitchi.

Sindinamizira chipatala ayi. Mwana ali ndi zaka ziwiri tinapatsidwa tsiku loti tipite kuchipatala chachikulu m'tauni, koma sabata imeneyo anadwala malungo. Tsiku lina limene anatipatsa linakumana ndi ulendo wa amuna anga wa ku Joni. Atachoka, ine ndinasiya malo anga pa Ulongwe n'kukakhala kwa apongozi ku Ntaja, ndipo kumeneko ukati ukwere minibasi, anthu asanu amafunsa kumene ukupita. Ndinaika buku la sikelo pansi pa sutikesi, pamwamba n'kusanjapo zitenje. Zaka zinadutsa ndikudziuza kuti ndipita mwezi wamawa. Unali mantha ndi manyazi, palibenso dzina lina.

Ndinkamusambitsa ndekha, chitseko cha bafa chili chotseka. Ndinamuphunzitsa kuti akafuna kutaya madzi azipita kuchimbudzi n'kunyonyomala, osati kuima pa mpanda ngati anzake. Ali wamng'ono sankafunsa. Atafika sitandade thuu, tsiku lina anabwera kabudula atanyowa mpaka m'miyendo, anaponya chikwama pakhonde n'kukhala pansi osavula yunifolomu. Anzake anamukakamiza kuti apikisane nawo kuseri kwa kalasi, aone amene afikitse patali.

"Amayi," anatero, maso ali pa zala za kumapazi, "chifukwa chiyani ine ndimataya madzi ngati mtsikana?"

Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. M'mawa mwake ndinafukula buku lija, n'kuuza apongozi aakazi kuti mwana akutsokomola.

Pachipatala chathu chaching'ono tinapeza adokotala achinyamata, oonda, ovala nsapato zakutha kuposa zanga. Anamuyeza mwana, anawerenga zimene azamba analemba, ndipo sanandikalipire, ngakhale ndinali nditakonzeka kale kuwayankha. Anaimba foni, anadikira, anaimbanso, mpaka anatipezera tsiku kuchipatala chachikulu, patsogolo ndi miyezi itatu. Atamutulutsa mwana panja, ndinafunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezo.

"Adokotala, ndinalakwa chiyani?"

Anaika cholembera pansi. Anati m'miyezi yoyambirira ya mimba, thupi la mwana wamwamuna limatulutsa timadzi tina timene timaumba ziwalo zake zachimuna ndi kutseka njira ya mkodzo mpaka kunsonga. Timadzito tikachepa pa nthawi imeneyo, ntchito imathera panjira. Kwa ana ena njira ya mkodzo siifika kunsonga, kwa ena mbewu za m'thumba sizitsika. Zochepetsa timadzito ndi zambiri, nthawi zina n'zakumtundu, nthawi zambiri sizidziwika. Koma anati ofufuza amakayikiranso mankhwala ena amene amathiridwa m'pulasitiki kuti akhale wofewa ndi wopindika, amenenso amapezeka m'mafuta ena odzola onunkhira. Mankhwalawo sagwirana kolimba ndi pulasitiki. Akakumana ndi moto, chakudya chotentha kapena chamafuta, amasuluka n'kulowa m'chakudya, mayi n'kudya, mwana m'mimba n'kulandira nawo. Anatchula dzina lake lachingerezi, ine silinandikhale m'mutu.

Ndinawauza za jumbo, za utsi wa m'mawa, za zidutswa zabuluu zija. Ndinapsa mtima, osadziwa woti ndimupsere, ndipo ndinanena mokweza kuti ndiye kuti mwana ndinamuwononga ndekha ndi dyera langa.

"Iyayi, mayi," anatero. "Sindinanene zimenezo, ndipo palibe dokotala angaloze jumbo yanuyo n'kunena kuti ndi imeneyi. Ana ena amabadwa chonchi amayi awo asanaphikirepo pa pulasitiki. Inu munkagwira ntchito kuti mudye, ndipo panalibe anakuuzani. Kungoti mukadzakhalanso ndi pakati, muzivundikira ndi masamba a nthochi, chotentha muziika m'mbale yachitsulo, moto muziyatsira zitsononkho."

Kenako anayang'ana dzina la mudzi pa buku n'kufunsa ngati kwathuko anyamata amapita kujando, chinamwali cha mdulidwe. Nditavomera, anang'amba pepala lina n'kulemba m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, kuti mwana uyu asadulidwe mpaka madokotala atamaliza ntchito yawo, n'kufotokoza chifukwa chake. Anadindapo chidindo. Munthu ameneyo ndinangomuona tsiku limodzi lokhalo, koma ndimamutchula m'mapemphero anga ngati m'bale.

Sukulu zitatsekera, apongozi aamuna anandiitana. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa ndevu zoyera, amene sanaphonyepo swala ya Lachisanu kumzikiti chifikireni ine pamudzipo. Ndinagwada patali monga mwa ulemu wake.

"Mayi, mdzukulu wanga chaka chino akulowa kundagala pamodzi ndi anzake. Mukonze ufa ndi nkhuku. Kwatsala sabata."

Ndagala ndi msasa wa kutchire kumene anyamata amadulidwa ndi kulangizidwa, ndipo wodulayo ndi angaliba. Mkazi safikako, safunsa za kumeneko, ngakhale kuzitchula pagulu satchula. Mpongozi wamkazi sangauze apongozi ake aamuna za kumaso kwa mwana, ndiye ndinadzera kwa apongozi aakazi. Ndinawafotokozera zonse kukhitchini, n'kuwapatsa kalata ya adokotala kuti akapereke. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Zaka zonsezi mwana anali bwinobwino, lero tatchula jando ndiye wadwala? Mukanangonena kuti kutchalitchi kwanu sakufuna."

Madzulo ake kalata inabwerera isanatambasulidwe n'komwe. Uthenga wake unali woti nawonso ali ndi madokotala awo, ndipo anadula anyamata adokotala angawo asanabadwe. Sindiwada pa zimenezi. Ndinabisa ndekha zaka zisanu ndi zitatu, ndiye akanandikhulupirira bwanji m'sabata imodzi?

Ndinaimbira amuna anga ku Joni kuti alankhule ndi bambo awo, poti iwo anaona ndi maso tsiku lobadwa mwana. Anayamba kuzungulira, kuti nkhani zotere sizikambidwa pa foni, kuti angaliba ndi odziwa ntchito, kuti ndisawachititse manyazi. Pakamwa panga sipachedwa. Ndinawauza kuti manyazi awo ali ku Joni akudya nkhuku za m'firiji, pamene mwana wawo akunyonyomala kuno. Anadula foni.

Ndinaganiza zothawa naye kupita ku Balaka, ndipo zovala ndinalongedza. Mwana anandipeza ndikumanga chikwama, anayang'ana kabudula wake ali pamwamba, n'kuzindikira.

"Ine sindipita kwa agogo a ku Balaka," anatero. "Anzanga onse akulowa. Akatuluka sadzadya nane mbale imodzi. Amandiseka kale, amayi."

Ndinakhala pa bedi, manja ali lende. Ndikamuthawitsa, khungu lipulumuka, koma pamudzi pa bambo ake adzakhala mwana mpaka imvi. Ndikamusiya, alowa ndi anzake, koma mpeni uchotsa chimene madokotala akudikira. Ndinamasula chikwama n'kubwezera zovala m'malo mwake.

Kutatsala masiku awiri, ndinavala chitenje chatsopano, ndinafunda mpango kumutu, n'kukwera kabaza pa Ntaja. Nditatchula kumene ndikupita, wakabazayo anacheuka kundiyang'ana kawiri. Ananditsitsa pa mtengo wa mango patali ndi nyumba, n'kunena kuti iye pakhomopo safika ndi munthu wamkazi nyengo ino.

Angaliba ndinawapeza pakhonde akumenya nandolo wouma pa chiguduli. Ndinkayembekezera chimunthu choopsa, koma anali nkhalamba yaifupi, ya miyendo yoonda, yovala kofiya yoyera yothimbirira. Akazi awo atandiona ndikugwada pabwalo, anaima ndi lichero m'manja, kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinapereka moni m'Chiyao changa chothyokathyoka. Anayankha osakweza mutu.

Ndinadzitchula kuti ndine mpongozi wa ayani, mayi wa mwana uti. Kenako ndinanena zonse, chilichonse ndi dzina lake, mawu amene sindinawatchulepo ngakhale pamaso pa amuna anga. Ndinafotokoza pamene kaboo kali, mmene khungu lakhalira, ndi chimene madokotala akufuna kuchita nalo. Ndinatulutsa kalata, ndipo poona kuti sakuitenga, ndinaiwerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pa chidindo. Ndodo yawo sinaleke kumenya nandolo.

"Sindikuti asalowe," ndinatero pomaliza. "Alowe, mumulange, mumuphunzitse zonse. Koma mpeni wokha, bambo, ndagwira mwendo wanu."

Analeka kumenya.

"Mwamaliza, amayi?"

"Ndamaliza."

"Zinthu izi sitikamba ndi akazi."

Anatambasula dzanja, ndinaika kalata pansi pafupi ndi chiguduli, iwo anaitola, anaipinda kanayi n'kuilowetsa m'kofiya. Kenako anati ndizipita dzuwa lisanatenthe. Sanati inde, sanati iyayi. Ndinabwerera wapansi mpaka pa Ntaja, ndikudzitukwana njira yonse kuti ndapereka pepala lokhalo limene ndinali nalo kwa munthu amene sanandiyang'ane n'kumaso komwe.

Anyamata anawatenga m'mawa, ng'oma zikulira, amayi akuvina ndi kululutira. Mwana wanga anali wachitatu pa mzere, atametedwa mpala, ndipo sanacheuke. Ng'oma zija zimalira mwamphamvu dala kuti amayi asamve kulira kwa ana. Anzanga ankavina, ine ndinaima pa mpanda ndikumvetsera chimene sindikanatha kumva.

Anakhalako pafupifupi mwezi. Ntchito yathu amayi inali kuphika n'kukasiya chakudya pa mtengo wina m'malire a tchire, kumene amuna ankabwera kudzatenga. Mbale zikabwerera, ndinkaziyang'anitsitsa ngati zilankhula. Zikabwera zopanda kanthu ndinkati ndiye kuti ali bwino, kenako n'kukumbuka kuti kumeneko amadyera pamodzi. Nkhani yoti ndinapita kwa angaliba inafika pamudzi ine ndisanafike n'komwe. Pachitsime amayi ankasiya kulankhula ndikayandikira. Apongozi aamuna anasiya kuyankha moni wanga. Ndikagwada kuwapatsa madzi osamba m'manja, ankayang'ana kumbali, ndipo ine ndinkati basi, ukwati wanga watha, akungodikira mwana atuluke.

Tsiku lotuluka kunali manganje kuyambira m'mawa, fumbi kobo. Anyamata anabwera atavala masuti atsopano ndi magalasi akuda, aliyense ndi kandodo m'manja. Wanga suti inamukulira mapewa. Anali atawonda pang'ono, atapatsidwa dzina latsopano, ndipo anayenda mowongoka pakati pa anzake, wina atamukoleka dzanja m'khosi. Ndinavina tsiku limenelo, misozi ikutsika, anthu n'kumati ndi chimwemwe. Theka linalidi chimwemwe.

Koma tsopano ndinagwidwa ndi mwambo womwewo. Mnyamata wovinidwa amake samusambitsanso, iye salowa kuchipinda kwa makolo, ndipo thupi lake amake saliona. Mwana amene ndinamusambitsa ndekha zaka zisanu ndi zitatu anayamba kutseka chitseko cha bafa ine ndili panja. Ndinkayang'ana mayendedwe ake, mmene akukhalira pa mpando, nthawi imene akutha kuchimbudzi. Tsiku lina ndikumupatsa tiyi ndinayesa mwanzeru.

"Kunali bwanji kumene kuja? Sanakupwetekeni?"

Anandiyang'ana ngati mkulu wa mzikiti.

"Za kumeneko sitinena, amayi."

Ndinafuna kumukoka khutu, ndinafunanso kuseka. Masabata asanu ndi limodzi ndinakhala choncho, osadziwa ngati kuchipatala tikupita ndi kanthu kapena chimanjamanja.

Tsiku la ulendo ndinadzuka m'mamawa, ndinamukonzekeretsa, ndipo sindinatsanzike munthu. Titafika pamsewu tinapeza apongozi aamuna ataima kale, atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, kachikwama kali m'manja, mkeka wopempherera atapinda kukhwapa. Mtima unagunda kuti abwera kudzatibweza. Iwo analankhula akuyang'ana kumene minibasi imachokera.

"Mwana wovinidwa savula pamaso pa amake. Ndipita nawo."

Amenewo anali mawu oyamba kundilankhula chichokereni kwa angaliba. M'minibasi anakhala kutsogolo ndi mdzukulu wawo, ine kumbuyo pakati pa matumba a mpunga.

Adokotala a opaleshoni anali mayi wamkulu wa magalasi. Analowa ndi mwana ndi agogo ake kuseri kwa katani, ine n'kutsala pa benchi panja. Ndinayesa kupemphera kolona ndi zala, koma ndinkangobwereza mawu oyamba okhaokha. Patapita nthawi anatulutsa mwana kuti akayezedwe magazi, n'kundiitana. Apongozi anali atakhala pa mpando, kofiya ili pa bondo.

"Mayi, ndamva kuti mnyamatayu wachokera kujando," anatero adokotala. "Ndinachita mantha nditamva. Koma khungu lonse lilipo. Pali kachipsera kakang'ono cham'mbali, ngati njere ya mpunga, pamalo pamene ife sitipafuna n'komwe. Amene anachita zimenezi ankadziwa chimene akusiya."

Ndinangokhala pansi pa simenti, pamaso pa apongozi, ulemu wonse nditaiwala. Ndinalira ngati pamaliro. Adokotala anandisiya ndilire.

Apongozi anayamba kulankhula, maso ali kukhoma. Anati tsiku loyamba lomwelo angaliba anawaitanitsa kundagala, anapatula mwana kwa anzake n'kuwaonetsa. Kenako anangomucheka pang'ono kuti magazi atuluke, n'kumumanga nsanza ngati anzake onse, ndipo anaika munthu wamkulu mmodzi yekha woti azimusamalira bala, kuti pasapezeke mnyamata wodziwa kusiyana kwake.

"Zaka zonsezi, mayi," anatero, "mwana akuvutika pakhomo panga, ine osadziwa. Munanditumizira kalata, ine ndinaibweza. Ndikanakuyang'anani bwanji kumaso?"

Ine ndinkati akundida, pamene munthu ankachita manyazi. Ndinapepesa chifukwa chobisa, iwo anakweza dzanja kuti ndisiye, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka lero.

Opaleshoni inachitika patapita masiku atatu. Amene anakhala m'wodi kudikirira wodwala anali apongozi aamuna, munthu amene anali asanagonepo m'chipatala moyo wake wonse. Ine ndinkaphika kumalo a odikirira odwala n'kumapereka chakudya pakhomo. Mwana anamuika kapaipi kotulutsira mkodzo, ndipo nkhalamba ija inkanyamula thumba lake kukakhuthula, n'kusamba, n'kuyala mkeka pakona kuswali. Nditaona kuti kapaipiko n'kapulasitiki wofewa, ndinathamangira kwa anamwino mtima uli m'mwamba. Anandiuza kuti masiku ochepa kwa mwana wamkulu kale si chimodzimodzi ndi miyezi ija ali m'mimba, pamene ziwalo zikuumbidwa, ndipo popanda kapaipiko bala silingapole. Ndinabwerera kukaphika.

Chaka chotsatira mwana anabwererakonso kukatseka kaboo kena kakang'ono kamene kanatsala, ndipo pomwepo madokotala anamaliza ndi mdulidwe womwe. Ine zotsatira zake sindinazione, ndipo sindidzaziona. Ndinangomva kwa apongozi aakazi, amene anamva kwa amuna awo, kuti zonse zili m'malo mwake. Kabudula wonyowa sindinachapenso. Za kubereka ndinafunsa, adokotala anati ambiri otere amabereka bwinobwino, koma zidzaoneka nthawi yake. Amuna anga atabwera ku Joni anandigulira foni yatsopano m'malo mopepesa, ine ndinalandira, poti ndimawadziwa. Mimba yachiwiri ndinaphikira masamba a nthochi, chinangwa chikuchedwa kupsa, ine ndikutukwana makala. Amayi a pamsewu ndikawauza za jumbo, ena amamva, ena amati ndayamba unamwino wopanda sukulu.

Mwana atachira bwinobwino, ndinagwira tambala wamkulu pa khola langa, ndinamumanga miyendo n'kukweranso kabaza. Ulendo uno ndinatsika ndekha pa mtengo wa mango uja. Angaliba anali pakhonde akusoka thumba. Ndinagwada pamalo pomwe paja, ndinaika tambala patsogolo, n'kuyamba kuthokoza. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, oti anapulumutsa mwana wanga kawiri, kwa madokotala ndi kwa anzake, koma sanandilole kufika patali.

"Amayi, ine sindikudziwa chimene mukunena," anatero, ndipo kanali koyamba kundiyang'ana m'maso. "Kuno simunabwerepo. Anyamata onse amene analowa kwa ine chaka chimene chija anatuluka amuna, ndipo palibe amene anasiyana ndi mnzake. Wina akadzakufunsani, mudzayankhe choncho."

Ndinati ndamva. Anabwerera ku thumba lawo, ine ndinadzuka, ndinakonza chitenje n'kuyamba kuyenda. Ndili pa mtengo wa mango ndinamva akuitana akazi awo m'Chiyao kuti abwere adzatenge tambala asanafe ndi dzuwa.